Mayi a Manyowa ndi tabuleti ya ofesi

Ulemu ndi Yankho, ana anga, za ubwana wanga simuzipeza muno. Agogo anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amawonjezerako. Ndiyambira pa ntchito. Anthu amaseka ndikanena kuti ndinapuma, poti imvi ndilibe, koma ndinapumadi. Mutu uno ndi wa chipangizo chimene chinanditopetsa kuposa bwana aliyense amene ndinamugwirira ntchito, komanso wa chifukwa chimene ndinachikakamira pamene aliyense ankafuna kuti ndichisiye.

Chaka choyamba, ku Mitundu

Nditamaliza koleji ya zaulimi ndinalembedwa ntchito ya ulangizi ku bungwe lina lothandiza alimi. Ananditumiza ku Mitundu, kumidzi yoyang'anizana ndi Dzalanyama. Anandipatsa njinga yakapalasa, chipewa, ndi majombo aakulu kuposa mapazi anga. Nthawi imeneyo mayi anu Linesi ndi ine tinkakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo, Ulemu uli kumsana.

Matabuleti anabwera nyengo yotentha, mvula isanayambe. Bwana wathu, a Chikuse, anatitengera ku tauni kukaphunzira. Kumeneko munthu wina anatsegula laputopu n'kutionetsa tsamba la bungwe la pa intaneti lodzaza makanema ophunzitsa alimi: kupanga manyowa, kuteteza chimanga ku mbozi, kusunga zokolola. Anati kuyambira tsiku limenelo mlangizi sadzaumanso kukhosi, azingodina basi alimi n'kumaonera. Tinaomba m'manja. Matabuletiwo anali atatu okha pomwe alangizi tinali gulu, ndipo imodzi inagwera ine chifukwa ndinali nditangochoka kumene ku koleji.

Ndinaitanitsa kalabu ya amayi pansi pa mtengo wa mango. Anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena ndi ana, amuna ataima chapatali ngati akungodutsa. Ndinakwera pa chulu kukasaka netiweki, tsamba linatseguka, ndinatsika nditanyamula tabuleti ngati mbale yodzaza madzi. Nditadina, panabwera bokosi lakuda ndi mawu a Chingerezi onena kuti chipangizochi sichingathe kuonetsa kanema wa mtundu umenewu. Ndinadinanso. Amayi anayang'ana mdimawo mwaulemu, mpaka wina anafunsa kuti, “Alangizi, kodi anajambula kutada?”

M'mawa mwake ndinapalasa kupita ku ofesi.

“Bwana, makanema aja sakuoneka.”

“Mwadina pakati?”

“Ndadina pakati.”

“Muzidina motsimikiza, a Mbewe.” Anatsegula laputopu yawo, kanema n'kuyamba kusewera. “Mwaona? Vuto lili pati?”

“Bwana, imeneyo ndi laputopu.”

“Intaneti ndi imodzi dziko lonse lapansi,” anatero, n'kutseka.

Amene anandiuza zoona ndi a Kondwani, munthu wa makompyuta ku likulu lathu. Anati makanemawo anakonzedwa mwa mtundu umene umafuna kapulogalamu kena, ndipo kapulogalamuko kamalowa m'makompyuta okha, m'matabuleti athu sikalowa. Amene anagula matabuleti ndi amene anakonza tsamba anali asanakumanepo. Ndinafunsa kuti zikonzedwa liti. Anati nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu. Inakhala m'manja amenewo mpaka chaka changa chomaliza pa ntchito.

Musaganize kuti chinali chinthu chachabe. Ndinkayenda nacho m'malire a munda, icho n'kundiuza kukula kwake, ndipo mikangano yambiri ya mbewu ndi feteleza inatha chifukwa cha zimenezo. Mbozi yachilendo ikalowa m'chimanga ndinkaijambula, chithunzi n'kufika ku likulu tsiku lomwelo. Koma phindu lakelo ndi limene linandisowetsa mtendere. Alangizi anzanga ankabwera mbandakucha kudzaibwereka. Abusa ankaifuna kuti ijambule kwaya. Mphunzitsi wina anandilondola mpaka kudimba kuti aone zotsatira za mayeso. Bambo wina anandiimitsa pamsewu kuti ndimuyezere munda wa mlamu wake mlamuyo asakudziwa. Aliyense ankaifuna tabuleti imeneyo, ndipo ntchito imodzi imene anaigulira ndi yokhayo imene sinkatha kugwira.

Chaka chachiwiri, zokolola zitatha

Tsiku lina ndinafika kunyumba ndikudandaula za bokosi lakuda lija. Mayi anu ankasankha nyemba pakhonde, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Bambo a Ulemu, kodi kamera ili kumbuyoyo ndi yokongoletsa?”

“Ndi yojambulira mbozi.”

“Ndiye ine ndachepa kuposa mbozi?”

Mayi anu anakulira pamunda ndipo manyowa a chimato ankawadziwa ngati dzina lawo. Amenewa ndi manyowa aja amasanja mapesi, ndowe, phulusa ndi masamba aawisi, n'kumata mulu wonse ndi dothi, pakati atazika mtengo. Loweruka lotsatira anavala chitenje chawo cha kumunda, ali ndi pakati pa iwe Yankho, n'kupanga mulu kuseri kwa nyumba ine ndikujambula. Sanakonzekere mawu. Anayamba ndi “Moni amayi anzanga,” kenako n'kumalankhula ngati ali pachitsime. Tambala wa eni nyumba analira kanema yense. Pena amamveka akundikalipira kuti mthunzi wanga waphimba mulu. Patapita milungu ingapo tinajambula mbali yomaliza. Anazula mtengo uja, n'kuugwira ndi dzanja, n'kunena kuti, “Ukatentha chonchi ndiye kuti zikupsa. Ukazizira, mwaumira madzi, ndipo musanamizire amuna anu.”

Kanema ameneyo sankafuna netiweki kapena chulu. Amayi a m'makalabu anawatcha Mayi a Manyowa, ndipo ndikafika pamudzi sankafunsanso za moyo wanga, ankangoti, “Mwabwera nawo?” Milu ya chimato inayamba kuoneka kuseri kwa nyumba zambiri.

Koma tabuletiyo inkauza ofesi za makanema a pa tsamba okha, kuti aonetsedwa kangati. Wa mayi anu sinkamuwerengera. Ndiye pa msonkhano uliwonse a Chikuse ankandiimiritsa pamaso pa anzanga.

“A Mbewe, tinakupatsani chipangizo chamakono, koma simunaonetse kanema ngakhale mmodzi.”

“Sakuoneka, bwana. Koma ndili ndi wina amene alimi akumukonda.”

“Wavomerezedwa ndi likulu?”

“Ndinayesa kumutumiza, akukana kupita. Akuti ndi wamkulu.”

“Ndiye kuti kulibe,” anatero.

Chaka chachinayi, ku Nathenje

Anandisamutsira ku Nathenje, ndipo tinasangalala chifukwa kumeneko ndi kwawo kwa mayi anu. Tinamanga nyumba pamalo amene anatipatsa malume awo, a Lufeyo, mwini mbumba. Tabuleti ndinapita nayo poti inalembedwa m'dzina langa. Nthawi imeneyo inali itang'aluka pakona, ndipo batire yake inkatha msanga ngati mchere wa m'nyumba ya alendo. Masiku ena mayi anu ankandiperekeza ku makalabu apafupi, amayi n'kumaumirira kuti aonere kanemayo mwini wake ali pomwepo.

Mayi anu anadwala mvula ili pakati. Za matendawo sindilemba. Ulemu ukukumbukira zina, ndipo zimenezo zakwana. Tinawaika m'manda a kwawo.

Maliro asanathe n'komwe, a Chikuse anatuma mlangizi mnzanga, wachilendo m'deralo, kudzapepesa. Anakhala nafe pamphasa, anapereka chipepeso cha ofesi, kenako anandinong'oneza kuti bwana ati tabuleti isangokhala, poti nyengo ndi ya mbozi ndipo alangizi akuilimbirana. Ndinalowa m'nyumba n'kumupatsa. Mutu wanga sunali pamenepo, ndipo sindinamuuze chilichonse.

Patangopita milungu yochepa mnzangayo anapita ku kalabu ya mudzi woyandikana nafe. Makanema a pa tsamba anakana monga mwa masiku onse. Pofufuza anapeza wina amene ankaseweradi, n'kukweza mawu. Agogo anu, mayi awo a Linesi, anali pamphasa yakutsogolo. Anali atatuluka koyamba chichitikire maliro. Anamva mwana wawo akuti “Moni amayi anzanga,” ndipo anthu anachita kuwanyamula kubwerera nawo kunyumba. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Sankawadziwa mayi anu, ndipo ankachita zimene anatumidwa.

Tsiku la kumeta, anthu atabalalika, a Lufeyo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndi munthu wofatsa, ndipo sanakweze mawu.

“Akamwini, mwana wathu tinamugoneka tonse, inu mukuona. Ndiye tikumva kuti akuyendabe m'midzi, akulankhula pansi pa mitengo. Mlongo wanga sakudya. Ife sitikudziwa za makina anuwa, koma tikupempha kuti mumuchotsemo. Agone.”

Ndinawauza kuti ndamva. Tabuleti itabwerera kwa ine sindinafafanize kanemayo, komanso sindinamutsegule. Ku makalabu ndinabwerera ku njira yakale, kuuma kukhosi. Amayi ankadziwa, ndipo palibe anafunsanso kuti ndabwera nawo.

Chaka chachisanu, mwezi wobweza matabuleti

Kenako kunabwera uthenga woti bungwe lagula matabuleti atsopano amene amatha kuonetsa makanema a pa intaneti. Akale onse abwezedwe pakutha pa mwezi, akafafanizidwe zonse zili mkati, aperekedwe ku sukulu. A Chikuse ndi a Lufeyo sanaonanepo, koma kwa nthawi yoyamba ofesi ndi mudzi zinkafuna chinthu chimodzi.

Ine chimene ndinkadziwa ndi ichi. Mayi anu sankakonda kujambulidwa. Tinali ndi zithunzi ziwiri za ukwati ndi chimodzi cha pa chitupa. Mawu awo, kuseka kwawo, momwe ankapendekera mutu akamanena zoseketsa, zonsezo zinali mu tabuleti ya ofesi mokha basi. Yankho unali wamng'ono kwambiri moti sukanakumbukira kanthu.

Ndinaimbira a Kondwani kuti andithandize kumutulutsa kanemayo.

“Pepani kwambiri, a Mbewe, sizituluka. Tinatseka tokha poopa kuti alangizi adzazamo nyimbo. Kamera imasunga mkati mwa pulogalamu ya ofesi, chingwe sichiona kanthu.”

“Ndiye tsegulani, poti munatseka ndinu.”

“Amene ankadziwa nambala yotsegulira anasiya ntchito.”

“Muimbireni.”

“Anachoka mokangana ndi akuluakulu.” Kenako anati, “Bwanji mungosewera kanemayo n'kujambula galasilo ndi foni?”

Ndinapita kwa a Chikuse kukapempha kuti tabuletiyo indikhalire, adzandidule pa malipiro. Anati katundu wa bungwe sagulitsidwa kwa antchito, ndipo anandikumbutsa kuti malinga ndi zimene ofesi ikudziwa, mu tabuletimo mulibe kanema aliyense.

Nzeru ya a Kondwani ndinaiyesa. M'mawa wina inu mutapita kwa agogo, ndinatsamiritsa tabuleti pa njerwa, foni yanga pa njerwa ina, n'kudina. Ndinazimitsa moni asanathe. Ndinayesanso tsiku lina, zinachitika chimodzimodzi. Kupempha munthu wa ku Nathenje kuti andigwirire sikukanatheka, chifukwa nkhani ikanafika kwa a Lufeyo dzuwa lisanalowe.

Mwezi uli pafupi kutha ndinakwera minibasi, n'kulumikiza ina, mpaka ku Mitundu tsiku la msika. Kumeneko kuli a Fanuwelo, bambo wa ana asanu amene ali ndi kashopu koikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa memori, timakadi tija timalowa m'foni. Kale ndinkatchajitsa tabuleti kwa iwo. Anayesa zingwe zawo zonse, tabuleti osavomera. Anaitukwana pang'ono, n'kunena kuti tingojambula ndi foni. Ndinawalozera kanemayo, ine n'kutuluka kukaima kwa wogulitsa matayala a njinga, kumene phokoso la msika linali lokwanira.

Sipanatenge nthawi, anandikuwira.

“Achimwene! Awa si Mayi a Manyowa awa? Mukuvutikiranji, ndili nawo kale!”

Ndinabwerera. “Mwati chiyani?”

“Ndili nawo mu kompyutamu. Anabwera pa foni ya mayi wina wa kwanu ku Nathenje komweko, anajambula pa kalabu. Amayenda bwino zokolola zikatha, ndimawaika pamodzi ndi makwaya. Wanuyu ndiye woyera bwino, wangayu amagwedera. Kodi ndi abale anu? Mukawauze apange wina wa nkhuku, anthu akufunsa.”

Zaka zonsezo ofesi inkati kanemayo kulibe. Likulu linatseka zitseko zonse kuti asatuluke, ine ndinagona ndi njala milungu itatu poganiza kuti atayika, pamene mkazi wanga ankayenda m'matumba a anthu pakati pa makwaya ndi mpira. Ndinakwiya kwambiri. Koma ndinangoti, “Ndi akazi anga. Anamwalira.”

A Fanuwelo anavula kapusi. Anazimitsa sipika imene inkalira pakhomo, ndipo kashopuko kanakhala zii pakati pa msika.

“Pepani, bambo. Sindimadziwa. Ndiwafafanize?”

Dzanja lawo linali kale pa kompyuta. Ndinakumbukira agogo anu atanyamulidwa ndi anthu, ndi a Lufeyo kuseri kwa nkhokwe akupempha mwaulemu chinthu chimene anali ndi mphamvu yolamula. Ndinakumbukiranso inu awiri. Ndinati ayambe andionetsa wawoyo.

Anali wogwederadi. Amene ankajambula anakhala kumbuyo kwa anzake, ndipo poyamba pamaoneka mipango ya kumutu yokhayokha. Kenako pamaoneka manja anga atagwira tabuleti, m'galasimo mayi anu akusanja mapesi. Mawu awo akungomveka pang'ono chifukwa amayi akuseka. Ndiye foniyo imatembenuka. Mayi anu ali pamphasa pambali panga, Yankho uli pamiyendo pawo, atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje chifukwa cha manyazi. Wina akuwanena kuti pa kanemapo anali onenepa. Iwo akuchotsa chitenje pakamwa, akuseka, n'kuloza tabuleti.

“Inu amayi, musamaonere ine. Onani manyowawo!”

Ndinaonera mpaka kumapeto, nditaima. A Fanuwelo ankayang'ana kunja.

Ndinawapempha kuti ajambule wa mu tabuleti uja ndi foni yawo, aike onse awiri pa memori imodzi, kenako afafanize wa mu kompyuta yawo ndipo asadzamuikirenso munthu. Anachita zonsezo ine ndikuona. Anandichenjeza kuti amene ali kale m'mafoni a anthu sangabwezedwe. Ndinati ndikudziwa.

Chovuta chinali chotsatira. Ndikanatha kubisa memoriyo, a Lufeyo n'kumakhulupirira kuti zonse zatha. Koma inu mukukulira m'manja mwawo, ndipo sindinafune kuti tsiku lina mudzaonere mayi anu mobisala ngati mwaba. Ndinawapeza akusoka thumba la fodya pakhonde, n'kukhala pansi.

“Malume, makina aja ndikubweza mawa, akafafaniza zonse. Wa kumsika ku Mitundu ndafafanizitsa. Ali m'mafoni a anthu ndilibe nawo mphamvu. Koma ndasunga kamodzi, ka ana. Pamenepo sindinakumvereni, ndipo ndabwera kuti mumve kwa ine.”

Anapitiriza kusoka mpaka anafika kumapeto kwa thumba, n'kudula ulusi ndi mano.

“Mlongo wanga asadzamve mawu amenewo ali moyo.”

“Sadzamva.”

“Anawo adzaone atakula, atafuna okha. Musawakakamize.”

“Chabwino, malume.”

Nditadzuka kuti ndizipita anandiitananso. “Akamwini. Akuoneka bwino?”

“Akuseka,” ndinatero. Anagwedeza mutu n'kutenga thumba lina.

Tabuleti ndinaibweza. A Chikuse anaitembenuza, anadandaula za pakona pong'aluka, n'kundipatsa yatsopano. Anandiuza kuti ndidine pomwepo iwo akuona. Kanema anasewera bwinobwino: mzungu wina atakwera thalakitala m'munda wopanda malire, akufotokoza za manyowa m'Chingerezi.

“Mwaona, a Mbewe? Tsopano mulibenso chonamizira.”

Ndinainyamula n'kutuluka. Chaka chomwecho anafuna kundisamutsira kutali, ndipo inu, monga mwa mwambo, munayenera kutsala kwawo kwa mayi anu. Ndinapempha kuti andisiye ku Nathenje, anakana, ndinapuma. Panopa ndimalima tomato kudimba la kumtsinje ndi kugulitsa mbande pamsewu. Nthawi zina ndikamadutsa m'midzi ndimaona milu ya chimato, mtengo utazikidwa pakati, ndipo sindifunsa kuti anaphunzira kwa yani.

Memoriyo ili m'kabotolo ka mafuta odzola a mayi anu, pamwamba pa kabati. Foni iliyonse imaiwerenga, siifuna netiweki kapena chilolezo cha likulu. Mukadzafuna, yambani ndi wogwederayo. Mayi anu adzakuuzani kuti muyang'ane manyowa. Ine ndamuonera kangapo tsopano, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti mulu uja unali mbali iti.